Ndondomeko ya Hamilton yobwezera ngongole za nkhondo mu 1790: mafunso ndi mayankho

Chitulutsireni kapepala ka phunziro la mbiri ya chuma, momwe tidalemba kuti Alexander Hamilton adalipira ngongole zonse za dziko la America, pakhomo pa ofesi yathu sipakusowa munthu. Ena akubwera okha, ena akutumiza mauthenga pa WhatsApp, ndipo angapo adandaula kuti tikuikira kumbuyo munthu yemwe adalemeretsa amalonda ndi thukuta la asilikali. Kuyankha mmodzimmodzi kwatikulira, choncho taika pano mafunso omwe akubwera mobwerezabwereza.

Kodi Hamilton adali yani?

Adali nduna yoyamba ya zachuma ku United States, m'boma la pulezidenti George Washington, kuyambira Seputembala 1789 mpaka Januwale 1795. Ndi uja nkhope yake ili pa ndalama ya madola 10.

Nanga ndondomeko yakeyo inkati chiyani?

Zikalata zakale za ngongole ya nkhondo yomenyera ufulu zisinthidwe ndi zatsopano, pakhale msonkho wopatulidwira kulipira chiwongoladzanja chake, ndipo boma lalikulu lisenzenso ngongole za zigawo 13 za dzikolo. Adaipereka ngati lipoti ku Congress, nyumba ya malamulo ya dzikolo, mu Januwale 1790, idakhala lamulo pa 4 Ogasiti chaka chomwecho.

Ngongoleyo idali yochuluka bwanji?

Ya kunja, makamaka kwa France ndi mabanki a ku Amsterdam, idali pafupifupi madola 11.7 miliyoni. Ya m'dziko momwemo idali pafupifupi 40 miliyoni, ndipo pa ndalamayi 13 miliyoni chidali chiwongoladzanja chomwe chidangounjikana osalipidwa. Ngongole za zigawo Hamilton adaziyerekeza kuti zidali 25 miliyoni.

Woyenera kulipidwa adali ndani, msilikali yemwe adamenya nkhondo kapena munthu yemwe adagula chikalata chake?

Funso ili ndi lomwe labweretsa anthu ambiri, ndipo tikupemphani muwerenge mpaka kumapeto musanatiweruze. Lamulo lidalipira yemwe adali ndi chikalata m'manja pa tsiku losintha. Mwini woyamba yemwe adagulitsa chake sadalandire kanthu.

Chiyambi chake ndi ichi. Nkhondo itatha mu 1783, Congress idalibe mphamvu yotolera msonkho, kotero asilikali adabwerera kwawo ndi mapepala olonjeza malipiro. Alimi omwe adapereka chakudya, akavalo ndi ngolo ku gulu lankhondo adalandiranso mapepala. Pepala silidyedwa. Ambiri adawagulitsa pa mtengo wozizira, masenti 15 kapena kucheperapo pa dola iliyonse, kuti apeze ya ulendo, ya mbewu kapena ya msonkho wa kwawo. Pofika 1790, gawo lalikulu la zikalatazi lidali m'manja mwa amalonda a ku New York, Philadelphia ndi Boston, ngakhalenso a ku Amsterdam. Mphekesera ya ndondomekoyi itamveka, ogula ena adathamangira ku zigawo za kumwera kukasesa zikalata kwa anthu omwe nkhaniyo idali isanawafike. James Jackson, phungu wa ku Georgia, adadzudzula zimenezi m'nyumba ya malamulo mosabisa mawu.

Mu Febuluwale 1790, James Madison, phungu wa ku Virginia, adabwera ndi maganizo ogawa pawiri: wogula alandire mtengo wapamwamba womwe chikalatacho chidafikapo pa msika, chotsalacho chipite kwa mwini woyamba. Hamilton adali atakana kale maganizo oterewa mu lipoti lake. Iye ankati boma lenilenilo ndi lomwe lidaloleza kuti zikalatazi zizigulitsidwa, ndipo lonjezo lake lidali kwa wochisunga. Wogulayo adaika ndalama yake pa nthawi yomwe palibe yemwe ankadziwa ngati boma lidzalipira. Adatinso si onse adagulitsa chifukwa cha njala, popeza ena adangotaya chikhulupiriro m'boma kapena adafuna mpamba wa malonda ena, ndipo chikalata chomwe chadutsa m'manja asanu kapena khumi simungalondole mwini aliyense. Mfundo yake yaikulu idali ya m'tsogolo: boma likangoyamba kusankha woti limulipire, palibe yemwe adzagulenso chikalata chake, ndipo tsiku lodzafuna kubwereka lidzapeza chiwongoladzanja chakwera. Adakumbutsanso kuti mu Epulo 1783 Congress idalembera zigawo kalata yokana kusiyanitsa eni ngongole, ndipo yemwe adailemba adali Madison yemweyo. Aphungu adakana maganizo a Madison ndi mavoti 36 kwa 13.

Ena mwa inu mwafanizira nkhaniyi ndi mavenda ogula makuponi a feteleza kwa alimi osauka. Kupweteka kwake n'kofanana, sitikana. Kusiyana n'kwakuti kugulitsa kuponi n'kosaloledwa, pomwe kugulitsa chikalata chija kudali kololedwa ndi lamulo. Kunena izi sikutanthauza kuti msilikali adachitidwa chilungamo. Ife tikuona kuti pa zoti boma lisasinthe lonjezo la pa pepala, Hamilton adali ndi mfundo yolimba, komanso tikuona kuti munthu yemwe adagona m'chisanu cha ku msasa wa asilikali wa Valley Forge n'kulandira masenti 15 pa dola adalakwiridwa, ndipo yemwe adayamba kumulakwira ndi boma lomwe lidamusiya zaka zisanu ndi ziwiri osamulipira. Lamulo la 1790 silidamupepese ngakhale pang'ono. Mfundo ziwirizi timaziphunzitsa limodzi, ndipo sitichotsapo ina kuti inzakeyo imveke bwino.

Mudalemba kuti ngongole zonse zidalipidwa mokwanira. Kodi n'zoona?

Apa tivomere kuti chiganizo chathu chidafupikitsa zinthu mopitirira muyeso. Ngongole ya kunja ndiyo idatsatidwa monga mwa pangano lake loyamba. Ya m'dziko idasinthidwa, ndipo eni ake adalandira zocheperapo ndi zomwe adalonjezedwa poyamba. Tinene kuti munthu adali ndi chikalata cha madola 300 cha boma lalikulu. Madola 200 ankapatsidwa chikalata chobala 6 peresenti kuyambira Januwale 1791. Madola 100 otsalawo ankapatsidwa chikalata china cha 6 peresenti, koma chongokhala osabala kanthu mpaka 1801. Ndiye kuti kwa zaka khumi ankalandira madola 12 pa chaka, yomwe ndi 4 peresenti ya ndalama yake yonse. Chiwongoladzanja chakale chija chidasandutsidwa chikalata cha 3 peresenti. Mtengo wolembedwa pa chikalata sudadulidwe, ndipo n'zomwe tinkafuna kunena. Koma kuchedwetsa malipiro ndi kutsitsa chiwongoladzanja ndi kudulanso, kungoti kwabwera mwa njira ina.

Nanga omwe adali ndi ndalama za pepala za nthawi ya nkhondo?

Awa ndiye adaluza kotheratu. Ndalama zotchedwa Continental zidalandiridwa pa mlingo wa madola 100 akale pa dola imodzi.

Kodi kusintha chikalata kudali kokakamiza?

Ayi. Mabuku olembetsera adatsegulidwa pa 1 Okutobala 1790 kwa chaka chimodzi, ndipo m'chigawo chilichonse mudaikidwa mkulu wolandira zikalata ndi kulipira chiwongoladzanja miyezi itatu iliyonse. Wokana kusintha adasunga pangano lake lakale, koma lamulo lidangomutsimikizira malipiro a chaka cha 1791, pa mlingo wofanana ndi wa anzake olembetsa. Ambiri adasankha chochepa chotsimikizika.

Kodi ndondomekoyi idabala zipatso?

Pa cholinga chomwe idapangidwira, inde, ndipo mwamsanga. Zikalata zomwe zinkagulidwa pa mtengo wozizira zija zidafika pa mtengo wake weniweni pasanathe zaka ziwiri. Zidayamba kugwira ntchito ngati ndalama, anthu n'kumaziika chikole pobwereka. Banki ya dziko lonse itakhazikitsidwa mu Febuluwale 1791 ndi mpamba wa madola 10 miliyoni, wogula masheya ake ankaloledwa kupereka magawo atatu mwa anayi a mtengo wake ndi zikalata za boma zomwezi. Dziko lomwe lidalephera kulipira chiwongoladzanja m'zaka za m'ma 1780 lidayamba kubwereka ku Amsterdam popanda vuto.

Zigawo zomwe zidabweza kale ngongole zawo, kodi sizidalipire kawiri?

Ndi zomwe Virginia inkadandaula, ndipo dandaulo lake silidali lopanda maziko. Virginia, Maryland ndi Georgia zidali zitachepetsa kale ngongole zawo, pomwe Massachusetts ndi South Carolina zidali zitamira. Ku Massachusetts msonkho wobwezera ngongole ndi womwe udautsa alimi m'chipolowe cha Daniel Shays mu 1786. Hamilton ankati nkhondo idali imodzi ya onse, ndiye mtolo wake ukhalenso umodzi. Sankabisanso cholinga china: anthu a ndalama akamayembekezera malipiro kuchokera ku boma lalikulu, adzafuna kuti bomalo lisagwe.

Mu Epulo 1790 aphungu adakana gawo losenza ngongole za zigawoli ndi mavoti 31 kwa 29. Mu Juni, Thomas Jefferson, yemwe adali nduna ya zakunja, adaitana Hamilton ndi Madison ku chakudya chamadzulo kunyumba kwake ku New York. Malinga ndi zomwe Jefferson adalemba pambuyo pake, adamvana kuti Madison asiye kulimbana ndi gawoli, ndipo likulu la dziko lidzamangidwe pa mtsinje wa Potomac. Umboni wa zomwe zidakambidwa patebulopo ndi wa Jefferson yekha, n'chifukwa chake akatswiri ena a mbiri amati zokambirana zina za aphungu ndi zomwe zidagwira ntchito yaikulu. Chooneka ndi chakuti lamulo la likulu lidasainidwa pa 16 Julaye, la ngongole n'kutsatira patangopita pafupifupi masabata atatu.

Congress idaika malire a madola 21.5 miliyoni, chigawo chilichonse ndi gawo lake. Massachusetts ndi South Carolina zidapatsidwa 4 miliyoni chilichonse, Virginia 3.5 miliyoni, Delaware ndi Rhode Island 200,000 chilichonse. Zomwe zidalembetsedwa zidangopitirira pang'ono 18 miliyoni. Malipiro ake adali otsikirapo: pa madola 900 aliwonse, 400 ankabala 6 peresenti, 200 ankadikira 1801, ndipo 300 ankabala 3 peresenti.

Kodi Hamilton sadadyepo?

Palibe umboni womwe udapezeka woti iye adagula zikalata kapena adapindula nazo. Mu 1793 William Branch Giles wa ku Virginia adabweretsa m'nyumba ya malamulo mfundo zomudzudzula pa kayendetsedwe ka ndalama, ndipo zonse zidakanidwa. Pomwe ankamwalira mu Julaye 1804, atawomberedwa ndi Aaron Burr, wachiwiri kwa pulezidenti pa nthawiyo, adasiyira banja lake ngongole. Komabe sitinganene kuti ofesi yake idali yoyera. Wachiwiri wake, William Duer, ankachita malonda a zikalata zomwezi. Adatula pansi udindo mu 1790, adapitiriza kubwereka kuti azigula zikalata ndi masheya, ndipo kugwa kwake mu Malichi 1792 kudagwetsa msika wa ku New York. Adathera m'ndende ya angongole. Aphungu angaponso omwe adavotera lamuloli adali ndi zikalata zawo. Kuika munthu ngati Duer pa mpando umenewo kudali kulakwa kwa Hamilton, ndipo kapepala kathu kadayenera kutchula.

Ndalama zolipirira zinkachokera kuti?

Zambiri zinkachokera ku msonkho wa katundu wolowa pa madoko. Ngongole za zigawo zitawonjezeka, mu Malichi 1791 adaika msonkho pa mowa wotcheza. Kwa alimi a kumadzulo kwa Pennsylvania, kutcheza idali njira yosandutsira chimanga ndi mbewu zina kukhala katundu wonyamulika kudutsa mapiri, ndipo mowawo unkagwiranso ntchito ngati ndalama. Mu 1794 adaukira otolera msonkho, ndipo Washington adasonkhanitsa asilikali pafupifupi 13,000, Hamilton n'kupita nawo limodzi. Omwe akuti mlimi wosauka adalipira msonkho kuti wogula zikalata wa m'tauni alandire chiwongoladzanja sakunama. Msonkhowu udachotsedwa mu 1802, Jefferson ali pulezidenti.

Akuti Hamilton adanena kuti ngongole ndi dalitso. Ndiye kuti boma lizingobwereka?

Mawuwa ali m'kalata yomwe adalembera Robert Morris, woyang'anira chuma cha dzikolo pa nthawi ya nkhondo, mu 1781, ndipo ali ndi mbali yomwe anthu amaidumpha: ngongoleyo ikhale yosapyola muyeso. Mu lipoti la 1790 adalimbikira kuti ngongole iliyonse ibwere pamodzi ndi njira yoithetsera, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho padakhazikitsidwa thumba logulira zikalata za boma pa msika. Ngongole ya dzikolo idadzatheratu mu 1835, Andrew Jackson ali pulezidenti. Dzina la Hamilton lidamvekanso mu 2020 pomwe mayiko a European Union adagwirizana zobwereka pamodzi, koma iwo sadasenze ngongole zakale za mayiko awo monga adachitira iye.

Kodi kapepala kaja mukakonza?

Inde. Chiganizo chonena za kulipira ngongole zonse tikuchichotsa, ndipo m'malo mwake mulowa chitsanzo cha madola 300 chija, mavoti a 36 kwa 13 ndi dzina la William Duer. Omwe mudatenga kale kapepala kakale mubwere nako ku ofesi kuti tikusinthireni. Pa ntchito yomwe mudapereka kale, yemwe adatsata mawu athu oyamba sachotseredwa malikisi, ndipo yemwe adaima ndi Madison adzawerengeredwa mofanana ndi yemwe adaima ndi Hamilton, malinga ngati adapereka zifukwa ndi ziwerengero zake.