Momwe aphungu anapezera nyumba yawoyawo ku Lilongwe

Kuyambira pa chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025, madera a aphungu m'Malawi ndi 229 m'malo mwa 193, ndipo nkoyenera kufunsa ngati Nyumba ya Malamulo ya pa msewu wa Presidential Way ingasenze bwino chiwerengero chimenechi. Funsoli limamveka bwino munthu akakumbukira kuti aphungu anakhala zaka zambiri akukumana m'nyumba ya eni.

Likulu la dziko linasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975, koma aphungu anatsala ku Zomba, m'nyumba ya nthawi ya atsamunda, mpaka ulamuliro wa chipani chimodzi unatha mu 1994. Bakili Muluzi anakana kukhala ku New State House, nyumba yachifumu ya zipinda pafupifupi 300 imene Kamuzu Banda anamanga, ponena kuti inali yowononga chuma cha dziko losauka, ndipo anailola kuti aphungu azikumaniramo.

Zinthu zinatembenuka mu 2004. Bingu wa Mutharika atangolowa m'boma ananena kuti nyumbayo inamangidwira mtsogoleri wa dziko, ndiponso kuti mtsogoleri ayenera kukhala kulikulu osati ku Sanjika ku Blantyre, choncho aphungu ndi ogwira ntchito awo anauzidwa kuti atulukemo. Mfundo yakeyo inali ndi mutu, pakuti maulendo a nduna ndi akuluakulu a boma pakati pa mizinda iwiriyi ankadya ndalama zambiri. Komabe nthambi ya boma imene malamulo aakulu a dziko amaipatsa mphamvu zoyang'anira mtsogoleri inasamutsidwa ndi mtsogoleri yemweyo ngati mlendi, isanapezeredwe malo ena okhazikika. Mu Malichi 2005 kunamveka nkhani yakuti Bingu wathawa m'nyumba yachifumuyo chifukwa cha mizukwa. Iye anaikana kwamtuwagalu, ndipo atolankhani Raphael Tenthani ndi Mabvuto Banda anamangidwa chifukwa choilemba. Anthu ambiri amakumbukira mizukwayo kuposa kusowa pokhala kwa aphungu, ngakhale kuti nkhani yaikulu inali yachiwiriyi.

Nyumba yatsopano inabwera kudzera m'ndale za kunja. Mu Disembala 2007 Malawi anathetsa ubale wake ndi Taiwan, umene unayamba mu 1966, nagwirizana ndi boma la ku Beijing, ndipo China inatenga ntchito ya Nyumba ya Malamulo pamodzi ndi msewu wa Karonga–Chitipa. Kampani ya Anhui Foreign Economic Construction ndiyo inamanga. Malipoti a nthawiyo amasiyana pang'ono pa mtengo wake, ena 40 miliyoni ena 41 miliyoni ya ndalama za ku America, ndipo Bingu anaitsegula mu Meyi 2010.

Wofika pamalopo amayamba waona denga lobulungira la pamwamba pa chipinda chokumaniramo ndi mizati italiitali ya kumaso, pafupi ndi chiliza cha Kamuzu. M'katimo mwambo ndi wa ku Westminster, nyumba ya malamulo ya ku Britain: ndodo yaulemu imatsogolera Sipikala, a boma amakhala kudzanja lake lamanja, otsutsa kumanzere. Chimene mizatiyo siionetsa nchakuti mgwirizano wa thandizoli unakambidwa ndi boma la mtsogoleri amene anawatulutsa uja, ndipo aphungu analowa m'nyumba yawo yoyamba ku Lilongwe ngati olandira mphatso, patapita zaka 35 likulu litasamuka.