Musanagule zogwirira zatsopano za makabati, yezani kaye mabowo

Mayi ena anandiitana kuti ndikaone khitchini yawo. Anati yatha, ndipo maganizo awo anali oti ndichotse makabati onse ndikhome ena. Nditafika ndinatsegula chitseko chilichonse, ndinagogoda matabwa, ndinagwada n'kusuzumira kunsi kwa sinki kumene madzi amakonda kuwoletsa zinthu mwakachetechete. Matabwa onse anali bwinobwino. Chimene chinkawasowetsa mtendere mayiwo chinali zogwirira: zina zitasupuka mpaka kuonekera chitsulo chotuwa cha mkati, ziwiri zikugwedera, china chitathyoka n'kumangidwa ndi waya. Ndinawauza kuti, "Mayi, makabati anuwa akadali ndi moyo. Tisinthe zogwirira, tiwongole zitseko, kenako mudzandiuze ngati mukufunabe ena." Ntchito itatha, nkhani ya makabati atsopano sanaitchulenso.

Pa ntchito zonse zimene kalipentala amagwira m'khitchini, iyi ndi imene imasintha maonekedwe kwambiri popanda kugumula kalikonse, ndipo aliyense wodziwa kugwira sikuludalaiva angaichite yekha. Komabe ndi ntchito yomweyi imene ndimaitanidwa kawirikawiri kukaikonza eni nyumba ataiyamba okha. Vuto limayambira kogula. Munthu amapita ndi maso okha, amasankha chimene chamudolola, pofika kunyumba n'kupeza kuti miyendo ya chogwirira chatsopano sikufika pamene pali mabowo akale. Mabowo amene ali kale pachitseko ndi amene amakuuzani chimene mungagule osavutika nacho.

Ndiye yambani ndi kumasula chogwirira chimodzi. Masikuluwu ake ali kuseri kwa chitseko. Mukachichotsa, yezani kuchokera pakati pa bowo loyamba kukafika pakati pa bowo lachiwiri. Utali wa chogwirira chonse ulibe ntchito pano, chifukwa zogwirira ziwiri zofanana utali zikhoza kukhala ndi miyendo yotalikirana mosiyana. Ngati kupeza pakati penipeni pa bowo kukukuvutani, yezani kuchokera m'mphepete mwa kumanzere mwa bowo lina mpaka m'mphepete mwa kumanzere mwa linzake. Nambala yake ndi yomweyo.

Kawirikawiri mupeza imodzi mwa nambala izi: mamilimita 64, 96, 128, 160, 192, 224 kapena kupitirira. Mukaziyang'anitsitsa muona kuti zikusiyana ndi 32 nthawi zonse. Mafakitale a makabati a ku Ulaya anakhazikika pa mtunda wa mamilimita 32 pakati pa mabowo awo, ndipo opanga zogwirira anatsatira muyeso womwewo. Zogwirira zopangidwira msika wa ku America, ndiponso za makabati ambiri akale, zimayezedwa m'mainchesi. Chofala kwambiri ndi cha mainchesi 3, amene ndi mamilimita 76. Mukapeza 76 pachitseko chanu, musagule cha 64 kapena cha 96 poganiza kuti mukachikakamiza, chitsulo sichitamuka. Pamene miyeso iwiriyi imakumana pafupi ndi pa mainchesi 5, omwe ndi mamilimita 127, ndi chogwirira cha 128. Milimita imodzi imeneyo imatha kulolera mukakulitsa bowo pang'ono chabe. Ndipo musayeze chitseko chimodzi n'kuganiza kuti zonse zili choncho. Madilowa nthawi zambiri amakhala ndi muyeso wawo, ndipo ngati kabati ina inawonjezedwa pambuyo pake, ikhoza kukhala yosiyana ndi anzake. Popita kokagula, nyamulani chogwirira chakalecho ndi sikuluwu yake m'thumba.

Sikuluwu ndi kanthu kakang'ono koma kamabweza anthu ambiri panjira. Zogwirira zoyezedwa m'mamilimita kawirikawiri zimalowa sikuluwu yotchedwa M4. Zoyezedwa m'mainchesi kawirikawiri zimalowa ina yotchedwa 8-32. Mukaziika m'dzanja ziwirizi zimaoneka ngati mapasa, koma mazinga ake ndi osiyana, moti imodzi ikalowa m'malo mwa inzake imazungulira kawiri katatu n'kuima. Munthu akaikakamiza amadya mazinga a mkati mwa chogwirira, ndipo chogwirira chimenecho sichidzagwiranso bwino. Choncho musadalire masikuluwu akale pa zogwirira zatsopano musanayese ndi zala zokha kuti akulowa mofewa mpaka kumapeto.

Utali wake nawonso ndi nkhani. Zitseko zambiri za makabati ndi zochindikala mamilimita 16 mpaka 19, ndipo sikuluwu ya mamilimita 25 imakwanira: imadutsa thabwa n'kutsala ndi gawo lolowa m'chogwirira. Dilowa ndi yosiyana. Ambiri amakhala ndi matabwa awiri kutsogolo, la bokosi lenileni ndi lina la kumaso, choncho sikuluwu iyenera kudutsa onse awiri ndipo imafunika ya mamilimita 40 kapena 45. Ikafupika imangogwira mazinga awiri okha, tsiku lina munthu akukoka dilowa yodzaza mapoto chogwirira n'kutsalira m'manja. Ikatalika imagunda kumapeto kwa dzenje la m'chogwirira thabwa lisanagwidwe, chogwirira n'kumagwedera ngakhale mutamanga chotani. Pali masikuluwu aatali okhala ndi timizere tothyolera, amene mumadula pa utali umene mukufuna pogwiritsa ntchito pulayala ziwiri. Ine sindipita kuntchito ya zogwirira opanda amenewo. Ngati yatalika pang'ono chabe, kawashala kamodzi, kachitsulo kaphanthiphanthi kokhala ndi bowo pakati, kakaikidwa kumutu kwake kamathetsa nkhani.

Tsopano funso limene anthu amayamba nalo, ngakhale ine ndimaliika pambuyo: kodi tigule tija tozungulira ta bowo limodzi, timanobu, kapena mahandulo a miyendo iwiri? Maso ali ndi ufulu wake, koma chogwirira chimagwidwa kambirimbiri pa tsiku, ndipo nthawi zambiri ndi manja onyowa kapena amafuta. Nobu imafuna kuti muitsine ndi nsonga za zala. Handulo mumangokolowekamo zala, ngakhale chimodzi. Ngati m'nyumba muli agogo amene zala zawo zimapweteka m'malo molumikizira, kapena dilowa ndi yaikulu ndi yolemera, handulo ndiye yankho ndipo pamenepa sindikayika. Nobu imakhala bwino pazitseko zing'onozing'ono zopepuka. Ili ndi khalidwe limodzi lofunika kulidziwa: popeza imagwidwa ndi sikuluwu imodzi, m'kupita kwa nthawi imazungulira. Ikakhala yobulungira palibe angazindikire. Ikakhala ya makona anayi kapena yooneka ngati dzira, kupendama pang'ono kumaonekera munthu ali pakhomo, ndipo muzingokhalira kuiwongola.

Gulani chimodzi choyamba, mukachiike, mukhale nacho masiku angapo. Lowetsani zala kuseri kwake muone ngati zikukwana popanda zikhadabo kukanda chitseko. Mpata wa mamilimita 25 kapena kuposa pang'ono ndi umene dzanja la munthu wamkulu limaumva bwino. Zogwirira zooneka ngati ndodo, zimene nsonga zake zimapitirira miyendo, zimakola matumba a zovala ndi zingwe za epuloni, ndipo zikakhala pa makabati a pansi zimakhala pa msinkhu wa nkhope ya mwana wamng'ono. Yang'ananinso pakona pamene makabati awiri akumana. Chogwirira chotulukira kunja kwambiri chikhoza kutchinga dilowa ya mbali inayo kuti isatseguke, kapena kumagundana ndi chitseko cha uvuni. Zimenezi simungazione pachithunzi.

Za chitsulo chake ndinene mwachidule. Zogwirira zambiri zotchipa ndi za zinki wosakaniza amene amakutidwa ndi mtundu wonyezimira pamwamba, ndipo n'zimene zimasupuka pamene chala chachikulu chimagunda. Chitsulo chosachita dzimbiri chimapirira nthunzi ndi sopo kwa zaka zambiri. Buraasi weniweni, chitsulo chachikasu chopangidwa ndi mkuwa, ndi wolemera m'manja, ndipo ngati sanapakidwe vanishi amadera pang'onopang'ono. Ena amakonda mtundu umenewo, ena amaona ngati litsiro, choncho dziwani mbali imene muli musanagule. Maginito amathandiza kuzindikira chitsulo wamba chopakidwa mtundu wa buraasi, pakuti amachikoka, koma zinki samukoka monganso sakoka buraasi. Kuti mutsimikize, kandani pang'ono kunsi kwa mwendo, malo osaoneka: buraasi ndi wachikasu mpaka mkati, zinki ndi wotuwa. Zadothi ndi zagalasi n'zokongola koma zimasweka, ndipo zathabwa zimamwa mafuta a m'manja ngati sizinapakidwe bwino.

Nanga ngati mtima wanu uli pa chogwirira chosagwirizana ndi mabowo akale? N'zotheka, koma ntchito yakula. Pa chitseko, kuchoka pa nobu kupita pa handulo n'kosavuta, chifukwa bowo lakale limagwira mwendo umodzi ndipo mumangobowola lachiwiri. Kuchoka pa handulo kupita pa nobu kumasiya bowo limodzi lili yasa. Ngati zitseko ndi zopentedwa, kapena mukufuna kuzipenta, bowo limenelo limatsekedwa ndi kamtengo kothira guluu, pamwamba n'kumata phala lotsekera mabowo, likauma n'kukwecha ndi sandipepa kenako n'kupenta chitseko chonse, osati pachigambapo pokha. Koma ngati zitseko ndi za melamaini, matabwa aja okhala ndi khungu lolimba losalala lomatidwa ku fakitale, kapena zokutidwa ndi pulasitiki, ndikuuzeni zoona: chigamba chidzaoneka, ngakhale atamata ndi mmisiri wa manja abwino chotani. Njira yabwino pamenepo ndi kachitsulo kaphanthiphanthi kokhala kuseri kwa chogwirira, kamene kamaphimba mabowo akale, kapena kusankha handulo ya tsinde lotambalala.

Kachitsulo kameneko kamathandizanso pa vuto lina limene limadzidzimutsa anthu. Mukachotsa chogwirira chimene chakhala zaka khumi, pansi pake pamatsala chithunzithunzi chake. China ndi litsiro ndi mafuta, zimene zimachoka ndi madzi ofunda ndi sopo wotsukira mbale. China ndi kusiyana kwa mtundu chifukwa kuwala kunasintha thabwa lonse kupatula pamene panabisika, ndipo chimenecho sichitsukika. Ngati chogwirira chatsopano chili ndi tsinde laling'ono kuposa chakale, chipseracho chidzakhala poyera.

Musanabowole bowo ngakhale limodzi, wongolani zitseko. Mahinjesi obisika, aja okhala m'dzenje lozungulira la mamilimita 35 kuseri kwa chitseko, ali ndi masikuluwu osunthira chitseko kumbali, m'mwamba kapena pansi, ndiponso mkati kapena kunja. Zitseko ziwiri zoyandikana zikasiyana ndi mamilimita awiri okha, zogwirira zake zidzasiyananso choncho, ndipo diso limagwira msanga kusiyana kwa zitsulo ziwiri zonyezimira kuposa kwa matabwa. Malo ake ndi kumbali yotalikirana ndi mahinjesi: pa makabati a m'mwamba chogwirira chimakhala pakona ya m'munsi, pa makabati a pansi chimakhala pakona ya m'mwamba, kumene dzanja limafika munthu osadzitambasula kapena kuwerama. Ine ndimayambira mamilimita 50 mpaka 70 kuchokera m'mphepete, ndipo ngati chitseko chili ndi felemu, chogwirira chimakhala pakati pa thabwa la felemuyo. Pa dilowa yotambalala ndimakonda handulo imodzi yaitali pakati kusiyana ndi ziwiri, chifukwa zikakhala ziwiri anthu amakoka imodzi yokha, dilowa n'kumayenda chopendama mpaka njanji zake kutha mbali imodzi.

Musayeze chitseko chilichonse pachokha ndi tepi. Pa zitseko makumi awiri, dzanja lidzaphonya penapake. Tengani kachidutswa ka pulayiwudi, mukhomere timatabwa tiwiri m'mphepete kuti kazikolekeka pakona ya chitseko, mubowole mabowo anu pamenepo kamodzi kokha mosamala. Chimenecho ndiye chikombole chanu, ndipo chitseko chilichonse chidzatengera pomwepo. Kumbukirani kuchitembenuza mukachoka pa chitseko cha kumanja kupita pa cha kumanzere. Pamenepa ndi pamene ngakhale amisiri amalakwitsa akatopa, ndipo ine ndimalemba chizindikiro pa chitseko chilichonse ndisanagwire chobowolera.

Matani tepi ya pepala pamalo obowola, lembani chizindikiro pa tepipo, dindani kadzenje ndi nsonga ya msomali kuti chobowolera chisatereke. Kwa sikuluwu ya M4, kachitsulo kobowolera ka mamilimita 5 kamasiya mpata wochepa wowongolera chogwirira. Bowolani kuchokera kumaso kwa chitseko kupita kuseri, ndipo kuseriko panikizani kachidutswa ka thabwa. Popanda thabwa limenelo, chobowolera chikamatuluka chimanyotsola khungu la chitseko, makamaka melamaini, n'kusiya bala loposa mutu wa sikuluwu. Chobowolera chiime chilili, chifukwa bowo lopendama limasuntha sikuluwu ndipo siikumana ndi mwendo wa chogwirira.

Pomanga, ikani makina pansi mugwire sikuludalaiva ya manja. Lowetsani masikuluwu onse awiri pang'onopang'ono musanalimbitse imodzi. Matabwa a utuchi wopanikiza amafinyika mutu wa sikuluwu ukalowa mopitirira, ndipo nobu yadothi imang'aluka ikamangidwa mwankhanza. Chogwirira chikasiya kugwedera, onjezerani pang'ono chabe n'kulekera pomwepo. Pakatha milungu iwiri kapena itatu zungulirani khitchini yonse ndi sikuludalaiva, mupeza zingapo zitamasuka chifukwa thabwa lakhazikika.

Powerenga zogwirira zoti mugule, onjezeranipo ziwiri kapena zitatu. Opanga amasintha mitundu kawirikawiri, ndipo chimodzi chikadzathyoka patapita zaka zitatu mukhoza kudzayenda mtunda osapeza chofanana nacho. Zotsalazo zikulungeni pamodzi ndi masikuluwu ake ndi chikombole chija, muzisunge kumbuyo kwa dilowa ya m'munsi.