Komatu anali okalamba

Mwezi sutha ndisanalandire munthu wotere m'chipinda chomwe ndimaoneramo odwala kuno ku Nkhotakota. Amadandaula mutu, kubanika, mtima kuthamanga, tulo tosabwera. Tikayeza malungo, mulibe. Shuga ali bwinobwino. Ndikafunsa zomwe zachitika kunyumba miyezi yapitayi, amayankha ngati nkhani yongodutsa: "Tinaika mayi mu Meyi, komatu anali okalamba."

Kamawu ka "komatu" kameneka ndi komwe kamandiimitsa kulemba. Pamaliro a nkhalamba timatonthozana kuti agogo akapume, aona zidzukulu ndi zidzukulutudzi. Sitinama ayi. Koma mawu omwewo amatseka pakamwa mwana wa malemu, makamaka woyamba kubadwa. Iye ndiye amathamangira bokosi, kapena nsanda kwa abale athu achisilamu, ufa, nkhuni, ndiwo za adzukulu. Foni siichoka kukhutu, a ku Joni akufunsa nambala yotumizirapo ndalama. Anzake akulira m'nyumba ya siwa, iye ali pakhonde ndi kope, kulemba chipepeso. Pomwe azidzati akhale pansi, anthu abalalika kale, kumeta kwadutsa, sadaka yadyedwa, ndipo mpunga kumunda sudikira munthu.

Chisoni chosowa potulukira chimakakhala m'thupi. Ubongo umalandira imfa ya kholo ngati ngozi, ndiye tiziwalo tokhala pamwamba pa impso timatulutsa mahomoni otchedwa adrenaline ndi cortisol. Amenewa ndiwo amathamangitsa mtima, kukweza BP, kuthawitsa tulo ndi kupha chilakolako cha chakudya. Munthu sakunamizira. Mu 1990 madokotala a ku Japan anafotokoza matenda otchedwa takotsubo, pomwe mnofu wa mtima umafooka mwadzidzidzi munthu akalandira uthenga wosweka nawo mtima, ndipo amagwira kwambiri amayi achikulire. Choncho ngati bambo apita ndipo mayi atsala, muziwayang'anitsitsa. Akati pachifuwa pakuwawa kapena akubanika, musati ndi kulira chabe, thamangirani nawo kuchipatala tsiku lomwelo. Muonenso ngati akumwa mankhwala awo a BP kapena a shuga, chifukwa m'chipwirikiti cha maliro kapepala ka mankhwala kamaiwalika m'chikwama.

Pali china chomwe anthu amandiuza motsitsa mawu, chitseko chitatsekedwa. Amene wadwazika kholo la sitiroko zaka ziwiri, kulitembenuza usiku, kuchapa zofunda m'bandakucha, kholo likatsikira kulichete amamva kupepukidwa mumtima. Kenako manyazi amamugwira, n'kumadzifunsa ngati ankafuna kuti limwalire. Ayi, thupi linangotopa. Enanso amamva ngati malemu awaitana dzina kuseri kwa nyumba, kapena amawaona m'maloto. Mayi wina anandiuza kuti akaphika chambo amapatulabe mutu m'kambale ka bambo ake, n'kuzindikira atavundikira kale. Imeneyi si misala, komanso si kulodzedwa. Mtima umachedwa kuvomereza zomwe maso anaona kumanda.

Kwa ambiri ululuwu umanka nuchepa, ngakhale umabwerera pa Khirisimasi, pa Idi, kapena pomanga chiliza. Koma pali malire. Bungwe la World Health Organization, m'ndandanda wake wa matenda womwe unayamba kugwira ntchito mu 2022, linaikamo chisoni chokhalitsa: chopitirira miyezi 6, choposa momwe mwambo wa anthuwo umayembekezera, mpaka munthu kulephera ntchito ndi kusamala pakhomo. Mukaonjeza kachasu wa tsiku ndi tsiku, kapena mawu oti "bola ndiwatsatire", musadikirenso miyeziyo. Pitani kuchipatala cha boma mukafunse namwino woona za matenda a maganizo. Anthu amaopa kuti awatumiza kuchipatala cha amisala ku Zomba, pomwe ambiri amathandizika ndi kucheza kokha. Mapiritsi ogonetsa ogula mwamseri asiyeni, amazoloweretsa.

Bambo wina wa zaka za m'ma 50, msodzi, anakhala chete pampando nditamuuza kuti magazi ake alibe vuto. Sindinamufunse ngati walimba mtima. Ndinamufunsa kuti mayi ake ankaphika chiyani chomwe wina aliyense sangathe. Anati kondoole wa usipa wofutsa, n'kuyamba kufotokoza momwe ankavundulira. Sanamalize. Ndinauza namwino kuti odwala otsatira adikire kaye panja.