Kulemba Mosakondera za Njira Zodzitukulira Zogulitsidwa: Mafunso ndi Mayankho

Kodi njira iliyonse yodzitukulira yomwe ikugulitsidwa, monga maphunziro olipira olonjeza kusintha moyo wa munthu, iyenera kukhala ndi tsamba lake mu insaikulopediya?

Ayi. Pa Wikipedia, insaikulopediya ya pa intaneti imene aliyense angalembemo, funso loyamba n'lakuti: kodi anthu osadya nawo phindu analembapo za njirayo mozama? Tikunena nyuzipepala zodalirika, magazini a akatswiri ndi mabuku a osindikiza odziwika. Webusaiti ya kampani yogulitsa njirayo, timapepala totsatsa malonda ndi nkhani zimene iyo yomwe inatumiza kwa atolankhani siziwerengedwa, ngakhale zichuluke chotani.

Ndiye zonena za eni njirayo tizitaye?

Musazitaye, koma mawu alionse akhale ndi mwini wake. Mukalemba kuti "Njirayi imathetsa mantha," insaikulopediya yasanduka wotsatsa malonda. Lembani kuti "Oyambitsa njirayi amati imathetsa mantha." Zolemba za kampani zimathandiza pa zinthu zosakanganitsa, monga chaka chimene inayamba kapena masiku amene maphunziro amatenga.

Maumboni a makasitomala asiyeni kunja. Kampani imasankha okhawo amene anasangalala, ndipo amene analipira n'kubwerako chimanjamanja sawatchula. Komanso munthu amene moyo wake wasintha atachita maphunzirowo sangatsimikize kuti ndi maphunzirowo amene anausintha.

Kusakondera si kupatsa mbali zonse malo ofanana?

Apa ndi pamene olemba ambiri amaphonya. Malo amaperekedwa molingana ndi kulemera kwa umboni, osati ndi kukwera kwa mawu a olankhula. Taonani NLP (Neuro-Linguistic Programming), njira yodzitukulira imene Richard Bandler ndi John Grinder anayambitsa ku California m'zaka za m'ma 1970. Ena ophunzitsa njirayi amati kayendedwe ka maso kamaulula munthu wonama. Kafukufuku wofalitsidwa m'magazini ya sayansi ya PLoS ONE mu 2012 anayesa zimenezi ndipo sanapeze umboni wake. Akatswiri ambiri a za maganizo amati NLP ndi sayansi yabodza.

Tsamba labwino lifotokoze bwinobwino zimene NLP imaphunzitsa, moti woiphunzitsa akawerenga avomere kuti ndi zomwezo. Koma zimene ofufuza anapeza zilowe m'ndime zoyambirira, osazikankhira kumapeto m'kachigawo ka "Otsutsa" komwe owerenga ambiri safikako n'komwe.

Nanga ndikaona kuti njirayo ndi chinyengo chenicheni?

Maganizo amenewo ndi anu, ndipo tsamba si malo ake. Mawu olemera ngati "chinyengo" kapena "gulu lopotoza anthu maganizo" alembedwe pokhapokha magwero odalirika atawagwiritsa ntchito, ndipo mutchule amene anatero. Samalaninso ndi timawu tobaya mobisa: "amadzitama kuti" kaweruza kale, pomwe "ananena kuti" kangofotokoza. Ngati woyambitsayo ali moyo, lamulo limakhwima: chinenezo chopanda gwero lodalirika chimachotsedwa nthawi yomweyo, osadikira zokambirana.

Akanena kuti njirayo imachiza matenda a nkhawa?

Pamenepo nkhani yasanduka ya zaumoyo, ndipo nkhani ya m'nyuzipepala sikwanira. Pamafunika zolemba zimene zaunika kafukufuku wambiri pamodzi, kapena malangizo a mabungwe akuluakulu a zachipatala. Kafukufuku mmodzi wa anthu ochepa, wopanda gulu lina loyerekezera, makamaka wolipiridwa ndi kampani yomweyo, sangachirikize mawu akuti "imachiza."

Ndimaphunzitsa njirayi. Ndingakonze nawo tsambalo?

Yambani mwadziulula. Kuyambira 2014, malamulo a Wikimedia Foundation, bungwe loyang'anira Wikipedia, amafuna kuti wolemba molipidwa atchule amene wamulemba ntchito, kasitomala wake ndi bungwe limene ali nalo paubale. Atero pa tsamba la dzina lake pa Wikipedia, pa tsamba lokambirana la nkhaniyo, kapena m'mawu ofotokoza zimene wasintha. Ngakhale musakulipidwa, ndi bwino kusakhudza nkhaniyo nokha: ikani pempho lanu pa tsamba lokambirana, gwero lake lili pomwepo, ena aliunike. Wina akafufuta zanu, musalimbane naye pobwezabweza. Pa Wikipedia ya Chingerezi, kubweza zosintha za ena koposa katatu pa tsamba limodzi m'maola 24 kungakutseketseni.