Chifukwa chake ku Great Smoky Mountains anthu amalowa ulere

Ukafika ndi galimoto pachipata cha Yellowstone kapena Grand Canyon, mapaki a boma osungirako zachilengedwe ku America, umatulutsa madola osachepera 35. Koma paki yomwe imachezeredwa ndi anthu ambiri kuposa inzake yonse, Great Smoky Mountains, pamalire a zigawo za Tennessee ndi North Carolina, ilibe ndi kanyumba komwe kolipirira. Mu 2021 mokha munalowa anthu oposa 14 miliyoni, onsewo osalipira kanthu pachipata. Ambiri amaganiza kuti ndi chifundo cha boma. Ine ndimaiona ngati ngongole.

Mapaki ambiri a kumadzulo anadulidwa pa malo amene boma lalikulu linkati ndi ake kale. Kuno ku mapiri a kum'mawa zinali zina. Mu 1926 nyumba ya malamulo inavomera kuti paki ikhalepo, koma inati ndalama zogulira malo zisachoke kuboma lalikulu. Ndiye maboma a zigawo ziwirizi ndi anthu wamba anayamba kusonkha, mpaka ana asukulu kumabwera ndi timakobidi tawo. Atasonkha pafupifupi madola 5 miliyoni, John D. Rockefeller Jr. anawonjezera ena 5 miliyoni pokumbukira mayi ake.

Malowo sanali tchire lopanda eni. Gawo lalikulu linali m'manja mwa makampani odula mitengo, koma m'zigwa monga Cades Cove ndi Cataloochee munali midzi, minda, matchalitchi ndi manda. Mabanja ambirimbiri anauzidwa kuti agulitse n'kusamuka. Ena anakana. John Oliver wa ku Cades Cove anakamenya nkhondo kukhoti kangapo, koma mapeto ake anachokabe. Achemwali a banja la Walker ku Little Greenbrier analoledwa kukhala m'nyumba yawo ya mitengo mpaka imfa, ndipo womaliza kukhalamo anamwalira mu 1964. Tisaiwale kuti zaka zana m'mbuyomo, mu 1838, a Cherokee ambiri, mtundu wa anthu amene azungu anawapeza kumeneko, anali atathamangitsidwa kale m'dera lomweli ndi asilikali.

Paki inakhazikitsidwa mu 1934, ndipo Pulezidenti Franklin Roosevelt anaitsegulira pa Newfound Gap mu 1940. Msewu wodutsa pamenepo ndiye fupa la nkhaniyi. Unamangidwa ndi ndalama za misonkho ya anthu a m'zigawozi, ndipo unali njira yolumikiza mbali ziwiri za mapiri. Tennessee popereka msewuwu pamodzi ndi Little River Road kuboma lalikulu mu 1951, inalembetsa m'chikalata kuti munthu asadzalipitsidwe poyenda m'misewuyi. Panalinso lamulo la boma lalikulu lonena kuti ngati msewu waukulu sungalipitsidwe, pakiyo isalipitsenso polowera kwina kulikonse. Chipata chinatsekukiratu motero.

Ulerewu uli ndi kuwawa kwake. Lamulo la 2004 limalola paki kusunga gawo lalikulu, pafupifupi 80 pa 100 iliyonse, la ndalama zomwe yatolera pachipata, kuti ikonzere misewu, zimbudzi ndi tinjira. Yellowstone imapindula nazo. Great Smoky Mountains, yomwe ili ndi khamu lalikulu kwambiri, inalibe poyambira, alendo akuchulukirachulukira, antchito osakwanira.

Ndiye akuluakulu a paki anapeza njira ina. Kuyambira pa 1 Malichi 2023, aliyense woimika galimoto kwa mphindi zoposa 15 ayenera kukhala ndi chiphaso: madola 5 patsiku, 15 pasabata, 40 pachaka. Kudutsa n'kwaulere monga kale, kuima ndiye kolipira. Anthu a m'maboma oyandikana, makamaka mbali ya North Carolina, anakwiya, ponena kuti iyi ndi ndalama yolowera yomwe yangovekedwa malaya ena.

Ndikumvetsa kuti zimbudzi sizidzikonza zokha, ndipo mlendo wochokera kutali madola 5 sangamuphe. Komabe mtima wanga uli ndi zidzukulu za osamutsidwa aja. M'pakimu muli malo a manda oposa 150, ndipo chaka ndi chaka mabanja amabwerera kukalambula ndi kuika maluwa pa manda a makolo awo. Pa masiku okonzedwa a mwambowu salipitsidwa. Koma munthu amene wangodzuka tsiku wamba atasowa agogo ake, n'kufuna kukakhala pang'ono pamanda, ayenera kuyamba wagula chiphaso choimikira galimoto pa malo amene banja lake linkalima.