Mapulogalamu Oba Mapasiwedi Samagogoda Pakhomo

Anthu ambiri amaganiza kuti kompyuta ikagwidwa ndi vairasi imayamba kuchedwa kapena kuzima yokha, koma mapulogalamu oba mapasiwedi, omwe akatswiri amawatcha infostealer, sadzionetsa choncho. Amalowa mwakachetechete, n'kutolera zonse zimene browser, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti monga Chrome kapena Edge, inasunga, kaya ndi mapasiwedi a imelo, a kubanki kapena a Facebook, kenako n'kuzitumiza kwa mbava m'kanthawi kochepa, ndipo ena amadzifufuta okha akamaliza ntchitoyo.

Nthawi zambiri amene amatsegula khomo ndi mwini kompyuta yemwe. Munthu amakopera mwaulere pulogalamu imene imayenera kugulidwa, osadziwa kuti amene anaithyola loko anabisamo zina. Msampha winanso ndi tsamba limene limanamizira kuti likufuna kutsimikiza ngati ndinu munthu osati makina, ndipo limakuuzani kuti mudine batani la Windows pamodzi ndi R, kenako Ctrl ndi V, pomaliza Enter. Wotsatira malangizowa amakhala atalowetsa yekha mbavayo ndi zala zake.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri si pasiwedi, koma timafayilo totchedwa cookie, tomwe timauza tsamba kuti munalowa kale ndipo musafunsidwenso. Mbava ikatenga timafayilo timeneti imatha kulowa mu akaunti yanu popanda pasiwedi, ngakhalenso popanda nambala ija imene imatumizidwa pafoni, chifukwa tsambalo limaona ngati ndinu nomwe mwabwerera. Zobedwazi zimagulitsidwa m'mitolo, nthawi zina pa Telegram, pulogalamu yotumizirana mauthenga, moti nthawi zambiri wakuba ndi wodzakhuthula akaunti sakhala munthu mmodzi.

Mu Meyi 2025, Microsoft inalengeza kuti pulogalamu yoba mapasiwedi yotchedwa Lumma inapezeka m'makompyuta a Windows oposa 394,000 m'miyezi iwiri yokha, ndipo eni ake ankaibwereketsa kwa zigawenga zina pa malipiro a pamwezi.

Mukakayikira kuti mwaberedwa, musasinthire mapasiwedi pa kompyuta yomweyo, popeza atsopanowo akhoza kubedwanso. Gwiritsani ntchito chipangizo china chodalirika, muyambe ndi imelo chifukwa ndi kumene maakaunti ena onse amatumiza uthenga wosinthira pasiwedi, ndipo musankhe kutuluka pa zipangizo zonse kuti ma cookie obedwa aja asagwirenso ntchito. Kompyuta yogwidwayo ndi bwino kuifufuta yonse n'kuikamo Windows mwatsopano.