Ulendo wa voti yanu ikachoka m'bokosi

Anthu akandifunsa ngati makina angabere chisankho, ndimawapempha kuti tiyambe taona pepala. Kuno ku Malawi timavota pochonga papepala, kulipinda, n'kuliponya m'bokosi, ndipo chala chimapakidwanso inki. Kuvota kukatha, mavoti amawerengedwa pamalo pomwepo. Usiku, m'kalasi ya kupulayimale, nyali ili pa desiki, woyang'anira malowo amatambasula pepala limodzilimodzi n'kulikweza kuti amonita a zipani zonse aone pomwe pachongedwa. Pamenepa kuba n'kovuta chifukwa maso ndi ambiri.

Chiopsezo chimayamba manambala akalembedwa pa fomu ya zotsatira n'kuyamba ulendo wopita kumalo ophatikizira. Izi n'zomwe zinavuta pa chisankho cha pulezidenti cha pa 21 May 2019. Bungwe loyendetsa zisankho la MEC linalengeza kuti a Peter Mutharika apambana ndi mavoti pafupifupi 38.6 pa 100 alionse, koma mafomu ambiri anapezeka ofufutidwa ndi Tippex, ena anali makope osati enieni, ena opanda siginecha. A Lazarus Chakwera ndi a Saulos Chilima anatengera madando awo kukhoti, ndipo pa 3 February 2020 oweruza asanu a khoti loona za malamulo oyendetsera dziko anafafaniza zotsatirazo. Khoti la Supreme linagwirizana nawo, chisankho n'kubwerezedwa pa 23 June 2020. Chigamulo chomwecho chinanenanso kuti wopambana pampando wa pulezidenti ayenera kupeza mavoti opitirira theka.

Chimene chimandikhudza pa mlanduwu n'chakuti umboni unalipo woti oweruza augwire m'manja. Fomu yofufutidwa imaoneka ndi maso. Nchifukwa chake sindikana makina, koma ndimaumirira kuti pepala likhalepo. Kompyuta imathandiza kalembera wa ovota ndiponso kutumiza manambala mwachangu, koma ngati mwini chipani sangathe kuyerekeza zimene zafika kulikulu ndi fomu imene monita wake anasaina kumudzi, kukayika sikungathe, ngakhale palibe amene waba.

Ntchito ya monita anthu amaipeputsa. Ena amachoka kuwerenga kusanathe chifukwa cha njala kapena tulo, ena amasaina osawerenga. Monita wabwino amakhala mpaka voti yomaliza, amaona ngati mavoti abwino ndi owonongeka akugwirizana ndi chiwerengero cha anthu amene avota, kenako amasaina ndi kutenga kope lake kupita nalo kuchipani.